Mtsikana wasiya mafuta oyeretsa khungu ndipo wada kuposa kale: timuthandize bwanji?

Nachisale:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za khungu komanso za uphungu wa achinyamata. Nkhani ndi ya mtsikana wa zaka 17, wa Fomu 3, amene wakhala akudzola mafuta oyeretsa khungu kwa miyezi 8. Si ogula m'sitolo ayi, ndi osakaniza aja amene amagulitsidwa m'timabotolo topanda dzina. Mayi ake atatulukira anamulanda botolo n'kukaliponya m'chimbudzi. Pasanathe masabata awiri nkhope inayamba kutentha ndi kuyabwa, kwatuluka tiziphuphu tambirimbiri, ndipo masaya ada kuposa mmene analili asanayambe kudzola. Pano akukana kupita kusukulu. Chithunzi chilichonse amayamba wachiyeretsa pafoni asanaonetse munthu.

Ndiye ndifunse: kutaya kuja kunali kulakwa? Khunguli lidzabwerera mwakale? Nanga mwana amene watsimikiza mumtima kuti kuda ndi kunyansa timuuze chiyani, poti mawu oti "ndiwe wokongola mmene ulilimu" sakumulowa n'komwe?

Nabanda:

Mayi Nachisale, zizindikiro mwatchulazi zikuloza ku mankhwala a steroid. Mafuta oyeretsa amadalira zinthu zitatu, china pachokha kapena zonse pamodzi: steroid, hydroquinone ndi mercury. Osakaniza aja kawirikawiri amatenga machubu a clobetasol kapena betamethasone, omwe ndi mankhwala enieni a matenda a pakhungu monga eczema, n'kuwafinyira mu losheni wamba. Malangizo a clobetasol ndi oti munthu asapitirire magalamu 50 pa sabata, asadzole kupitirira masabata anayi, ndipo kumaso asayandikizeko pokhapokha dokotala atanena. Mwanayu wadzola miyezi 8, kumaso komweko.

Steroid imafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, imafooketsa maselo opanga melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu, ndipo imapyapyalitsa khungulo. N'chifukwa chake munthu amawala msanga, m'masabata awiri kapena atatu. Ukasiya mwadzidzidzi, timitsempha tija timatseguka nthawi imodzi, nkhope imatentha, imayabwa, imasuwa. Tsono khungu lakuda lili ndi khalidwe lake: paliponse patupa kapena papsa, maselo a melanin amagwira ntchito mowirikiza, pamaderapo. Muwonjezerepo dzuwa likuwomba pakhungu lopyapyala. Mdima wa m'masayawo si mtundu wake wachibadwa, ndi chipsera cha kutupa.

Msampha uli pomwepa. Mtsikana akadziyang'ana pagalasi amaganiza kuti umu ndi mmene alili akapanda mafuta. Akapeza botolo lina mobisa, pakatha masiku atatu kutentha kwazima, nkhope yasalala, ndiye amatsimikiza kuti mafuta ndiwo ankamusunga. Wogulitsa wapeza kasitomala wosatha. Mwanayu afunika kumva zimenezi momveka bwino, asanagulenso, kuti kunyansa akukuonaku n'kwa mankhwala, ndipo kuli ndi mathero.

Kutaya kuja kunali kolondola mbali imodzi. Hydroquinone ndi mercury amasiyidwa tsiku lomwelo. Steroid ndiye imasiyidwa pang'onopang'ono. Musakagule ena osakaniza kuti muzichepetsa nokha, chifukwa simukudziwa mphamvu yake. Mupite naye kuchipatala sabata ino. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli oona za khungu, koma ngakhale pachipatala cha boma chapafupi angayambe. Akanene zoona zokhazokha: miyezi ingati, kangati patsiku, kumaso kokha kapena thupi lonse. Njira yodziwika ndi kumutsitsira ku steroid yofooka ngati hydrocortisone 1%, kamodzi patsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kudumphitsa tsiku, kenako kawiri pa sabata, n'kusiya. Ndondomeko yeniyeni apereke amene wamuona. Mupemphenso kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mkodzo, ndiponso amuone ngati alibe zipere, chifukwa steroid imabisa zipere kwinaku ikuzifalitsa.

Ngati ankadzola thupi lonse, pali choopsa china. Mankhwalawa amalowa m'magazi, ndiye tiziwalo ta pamwamba pa impso timachita ulesi kupanga cortisol, steroid yachibadwa ya thupi, poti thupi likulandira yakunja. Akayamba kufooka kwambiri, chizungulire akaimirira, kusanza kapena kukomoka, musadikire kuti kuche.

Za kubwerera kwa khungu ndinene mosabisa. Khungu lapamwamba limadzisintha pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kutentha ndi kuyabwa kumatha m'masabata kapena miyezi ingapo. Mdima wa kutupa umazilala pakati pa miyezi 6 ndi 12 ngati akubisala dzuwa. Mizere yotambasuka imene steroid imasiya m'khwapa ndi m'ntchafu imazilala koma siichokeratu. Chovuta kwenikweni ndi ochronosis, mawanga akuda ngati mwaye, okhala ndi timadontho ngati tinjere, amene amabwera m'masaya ndi m'khosi munthu akadzola hydroquinone nthawi yaitali, kawirikawiri zaka. Amenewa amavuta kuchiza ngakhale kwa madokotala a zida zonse. Madokotala a ku South Africa anawafotokoza bwino mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Pa miyezi 8, mwayi ndi waukulu woti sanafike pamenepo, koma diso la dokotala ndilo lingasiyanitse.

Pakadali pano asambe ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, asakhule ndi chinkhupule kapena mwala, adzole Vaseline wamba khungu likadali lonyowa. Basi. China chilichonse chatsopano ayambe wachisiya.

Jere:

ANabanda athana ndi za botolo. Ine nditenge za foni, chifukwa mukachiza nkhope n'kusiya chimene chinamutuma kukagula, abwereranso.

Mawu oti "ndiwe wokongola" sakulowa chifukwa mwanayu ali ndi umboni wotsutsa, ndipo amauona kambirimbiri patsiku. Chithunzi choyeretsedwa chimalandira mayamikiro, chosayeretsedwa chimangodutsidwa. Kwa iye, mawu a mayi ake ndi achifundo chabe, pamene manambala a pa Facebook ndi TikTok ndiwo oona. Kukangana naye pa zimenezi n'kutaya nthawi. Chothandiza ndi kumuonetsa mmene zithunzizo zimapangidwira, ndi manja ake omwe.

Yesani izi masana ena. Mujambuleni katatu ndi foni imodzi: ataima pawindo kuwala kukumuwomba kumaso, atafulatira windo lomwelo, ndiponso pansi pa mtengo. Mupeza anthu atatu a mitundu itatu. Kamera imadziyeza yokha malinga ndi kuwala kwa kumbuyo, ndiye khungu lakuda limatha kuoneka bii kapena lowala popanda chimene chasintha. Kenako lowani m'makonzedwe a kamera yakutsogolo. Mafoni ambiri ali ndi gawo lokongoletsa nkhope, ena amabwera litayatsidwa kale, ndipo limasalaza khungu, kuliwalitsa, kuchepetsa chibwano ndi kukulitsa maso. Lizimitseni, mujambulenso, muyerekeze. Pomaliza, mtunda. Kafukufuku amene anatuluka ku America mu 2018 anaonetsa kuti chithunzi chodzijambula pa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Atsikana ambiri amadana ndi mphuno imene munthu woima nawo pafupi sanaionepo.

Akaona zimenezi pankhope yake, mufunseni kuti akazi amene amawasirira aja amadutsa m'makina angati chithunzi chisanatuluke. Asayankhe kwa inu, angoganiza. Maiko ena anafika poika lamulo: ku France kuyambira 2017, ndi ku Norway kuyambira 2022, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lasinthidwa chiyenera kulembedwa kuti chakonzedwa.

Kuti zoonera zimasintha mmene munthu amaonera thupi lake si nkhambakamwa. Ku Fiji, kumene mkazi wathupi ndiye ankatamandidwa monga kwathu kuno, wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Wofufuza Anne Becker wa kuyunivesite ya Harvard anafunsa atsikana a sukulu chaka chimenecho, ndipo panalibe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuwonda. Pofika 1998 anali 11 mwa 100 alionse. Zaka zitatu zokha. Ndipo mu 2021 zikalata zamkati za Facebook zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, anaulula zinaonetsa kuti atsikana 32 mwa 100 alionse ofunsidwa ananena kuti akakhala osakondwa ndi matupi awo, Instagram imawonjezera kusakondwako.

Koma musamulande foni. Kumeneko ndi kubwereza za botolo zija. Khalani naye, adutse yekha m'ndandanda wa anthu amene amawatsatira, ndipo pa aliyense adzifunse kuti akamaliza kumuona amamva bwanji za iye mwini. Omusiya wolemedwa awachotse kapena awatontholetse, makamaka ogulitsa mafuta. M'malo mwake atsatire anthu a khungu ngati lake amene akuchita zinthu, osati ongoima pakamera. Kenako mugwirizane za nthawi. Ku Canada anayesa ophunzira a kukoleji, ena n'kuwaikira malire a mphindi 60 patsiku, ndipo patatha masabata atatu iwowa ankaona maonekedwe awo bwinoko kuposa anzawo amene sanachepetse. Mafoni ambiri ali ndi powerengera nthawi ndi poika malire. Akuluakulu a m'nyumbamo aikenso pa mafoni awo, apo ayi aona ngati chilango.

Nangondo:

AJere, foni yangokuza moto, koma nkhuni zinasonkhezedwa kunyumba. Mafuta oyeretsa a Ambi ankadzoledwa kuno kale, intaneti kulibe. Khanda likabadwa, anthu amayang'ana makutu kuti aone ngati lidzade. Mwana wowala timati "kamwana kokongola", mnzake timamupatsa dzina loti Chikuda n'kumaseka, akalakwa timamunena kuti wakuda ngati kunsi kwa mphika. Akafika zaka 17 wamva zimenezi kambirimbiri, ndiye tsiku limodzi tikuti "ndiwe wokongola mmene ulilimu". Akhulupirire ziti?

Choncho ntchito yoyamba, mayi Nachisale, ndi ya akuluakulu. Kwa miyezi itatu pasapezeke munthu m'nyumbamo wothirira ndemanga pa khungu kapena thupi la wina aliyense, ngakhale la woimba wa pa TV, ngakhale moyamikira. Azakhali ndi agogo auzidwe padera. Mawu oti "wayambatu kuwala" ndi oopsa mofanana ndi oti "wada bwanji".

Ndipo kukongola kumene tikukuthamangitsaku sikukhala malo amodzi. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza akazi a Chimang'anja atavala pelele, kamkombero koboola mlomo wam'mwamba, ndipo kumeneko ndiye kunali kukongola. Agogo athu anatema mphini. Lero mtsikana akufunidwa akhale wowala, mimba yaphwa, chiuno chaching'ono, koma mbina ndi mahipi zazikulu. Akawonda anthu ayamba kunong'onezana kuti akudwala, mantha amene anatsala kuchokera zaka zimene Edzi inavuta kwambiri. Thupi lotere ndi la anthu ochepa kwambiri, ndipo ambiri amene amalionetsa pazithunzi analigula kwa dokotala wa opaleshoni kapena analikonza pafoni.

Ndatchula izi chifukwa amene amagulitsa mafuta nthawi zambiri amagulitsanso mapiritsi onenepetsa. Mufunseni mwanayu mofatsa ngati akumwa kalikonse. Alipo a cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amautsa njala, amagonetsa tulo m'kalasi, ndipo kwa ena avulazapo chiwindi. Ena ndi dexamethasone kapena prednisolone, omwe ndi steroid yakumwa. Amenewa amaika mafuta kumaso, pamimba ndi kumbuyo kwa khosi, kwinaku akudya minofu ya m'ntchafu ndi m'matako, ndiye munthu amapeza chosiyana ndi chimene anagulira. Kumene mafuta a m'thupi amakhala n'kwachibadwa, palibe piritsi kapena kirimu amene angawatumize kumahipi. Ngati wamwa steroid kupitirira masabata atatu, asasiye mwadzidzidzi, akanene kuchipatala tsiku lomwelo la khungu.

Nachisale:

Zikomo nonse, ndaphunzira. ANabanda, botolo lija linapita, ndiye tingadziwe bwanji ngati munali mercury? Komanso mafuta oteteza ku dzuwa ndi odula, pali njira ina? Ena akuti azipaka mandimu kuti mdimawo uchoke msanga. Ndinaiwala kunena kuti chimene chinamuyambitsa ndi madontho akuda otsala ndi ziphuphu.

Nabanda:

Mandimu ayi, chonde. Madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa pakhungu amatha kuwotcha n'kusiya mdima woposa. Chimodzimodzi soda, Colgate ndi adyo.

Mercury simungaidziwe ndi maso kapena fungo. Pa mafuta olembedwa, yang'anani mawu oti mercury, mercurous chloride, calomel kapena Hg, ngakhale kuti ambiri salemba. Pathupi, zizindikiro zake ndi mkodzo wa thovu lambiri, kutupa mapazi ndi zikope, kunjenjemera manja, kuiwalaiwala ndi kusagona. Kuyeza mkodzo kuja n'kofuna kuona ngati impso zikutaya mapuloteni. Mercury imatsalira pa matawulo ndi zofunda, choncho zichapidwe pazokha, ndipo ngati m'nyumbamo muli woyembekezera kapena woyamwitsa amene anadzolako, akanene kusikelo. Pangano la maiko la Minamata la 2013 linaika malire oti mercury m'zodzoladzola isapitirire gawo limodzi pa miliyoni, ndipo mu 2023 maiko anagwirizana zoletseratu mercury m'zodzoladzola. Wogulitsa angathe kunenezedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kapena ku Malawi Bureau of Standards.

Za dzuwa, chipewa cha mlomo waukulu ndi ambulera zimagwira ntchito yaikulu, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mukakwanitsa kugula, tengani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, muwasungire nkhope ndi khosi zokha. Muyezo wake ndi mizere iwiri yofinyidwa kutalika kwa chala cholozera ndi chapakati, m'mawa, n'kubwereza pakatha maola awiri ngati ali panja. Vaseline sateteza ku dzuwa.

Madontho a ziphuphu ndiwo khomo limene atsikana ambiri amalowera, ndipo zomvetsa chisoni n'zakuti amazilala okha ziphuphuzo zikaleka. Steroid imabweretsanso ziphuphu zake. Khungu likakhazikika, osati pano, dokotala angamuyambitse mankhwala odzola a ziphuphu otchedwa benzoyl peroxide, a 2.5% kapena 5%, pang'ono ngati njere ya nandolo, poyamba modumphitsa tsiku. Zotsatira zimaoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Mankhwalawa amasasula mtundu wa nsalu, ndiye pilo akhale wakale. Ndipo asafinye ziphuphuzo.

Gama:

Ine chandigwira ndi choti akukana sukulu. Kusakondwa ndi maonekedwe n'kofala pa msinkhu umenewu, koma pali malire amene kumasanduka matenda otchedwa body dysmorphic disorder, omwe amagwira anthu pafupifupi awiri mwa 100 alionse, ndipo kawirikawiri amayamba paunyamata. Muone izi: kodi maganizo a khungu amamudyera ola limodzi kapena kuposa patsiku? Amabwerezabwereza kuyang'ana pagalasi, kapena amalithawiratu? Amafunsa kosalekeza kuti "ndikuoneka bwanji", mukamuyankha n'kukhazikika mphindi zochepa chabe? Wasiya tchalitchi, anzake, kudya ndi anthu? Kwa iye zingakhale kuti ndi manyazi a kanthawi chifukwa nkhope yasinthadi. Funso lothandiza ndi loti kodi zimenezi zinalipo asanayambe mafuta.

Ngati zinalipo, kapena zikupitirira nkhope ikuchira, apite kwa woona za maganizo pachipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chithandizo chake ndi uphungu wophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi, ndipo nthawi zina mankhwala monga fluoxetine. Munthu mmodzi amene amamudalira amufunse mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi zibisidwe, ndipo apite naye tsiku lomwelo.

Funso loti "ndikuoneka bwanji" musamaliyankhe kakhumi patsiku, chifukwa yankho lililonse limautsa njala ya lina. Mungati, "Ndaona kuti zakuvutanso, tiye tikatunge madzi." Galasi likhale la kawiri patsiku, ataima patali ngati kutalika kwa mkono, osati kukanikiza mphuno pagalasi kufunafuna dontho.

Kusukulu abwerere msanga, chifukwa tsiku lililonse limene wakhala kunyumba limakulitsa mantha a mawa lake. Uzani mphunzitsi mmodzi wamkazi zoona zake, mupemphe chilolezo cha chipewa panja, ndipo mtsikanayo akonzeretu yankho limodzi lalifupi la omufunsa, monga "ndikulandira mankhwala a khungu", aliyeseze kunyumba mpaka lizituluka losanjenjemera. Tsiku loyamba apite ndi mnzake mmodzi kuchokera pakhomo.

Popeza kuzilala kwa mdima sikuoneka tsiku ndi tsiku, mujambuleni kamodzi pamwezi, pawindo lomwelo, nthawi yomweyo ya m'mawa, ndi kamera yakumbuyo, ataima pa mita imodzi ndi theka, zokongoletsa zonse zitazimitsidwa. Zithunzizo zikhale pafoni ya mayi ake, osati yake, ndipo aziziona pamodzi pokhapokha zikakwana zitatu.